Ndinkathirira Miyala ku Halale

Ntchito yanga ku Halale inali yothirira miyala. Ndikulemba zimenezi poyera chifukwa kuno kwa Maseya anthu amainena ngati nthabwala, ndipo chiwonongekere thanki ya madzi ya pasukulu awonjezerapo zawo. Akuti mtchona uja anabwera ndi misala ya kunja, anamwetsa njerwa madzi, thanki n'kuola. Simenti ya thanki yachiwiri itafika, panamveka mawu akuti ulendo uno njerwa zilowe zouma, ndipo ine ndisayandikireko. Ndikufuna zidziwike mmene zinayendera kuyambira pachiyambi. Mapepala ndili nawo. Amakhala m'bokosi lachitsulo limene ndinapachika pa mtanda wa denga, kuopa chiswe ndi madzi osefukira. Muli chitupa changa choyamba, malisiti a msonkho, makadi a chipani, makalata onse amene ndinalandira, ndi timabuku tanga ta kuntchito.

Ndinachoka kuno chaka chimene thonje linapserera m'munda. Ndinali nditangokwatira, akazi anga ali oyembekezera. Ndinakwera lole mpaka ku Bangula, kumeneko n'kukwera sitima yodzera ku Nsanje. Tinawoloka Zambezi pa mlatho wautali uja, tinasintha sitima ku Dondo, kenako tinakwera mapiri kulowa ku Mutare. Munthu wa kuchigwa ngati ine ndinali ndisanaonepo mpweya wanga ukutuluka m'kamwa ngati utsi. Ndinafunda bulangete masana, anthu a m'sitima akundiseka.

Ntchito ndinaipeza ku kampani yomanga nyumba za antchito kunja kwa tauni. Tinkagona pakomboni, pa timabedi ta matabwa tosanjikiza. Eni dziko ankatitcha tonse a kuno kuti Mabulantaya, chonsecho ine Bulantaya ndinali ndisanapondeko. Nyumba zimene tinkamangazo zinali za madenga afulati a konkire, ndipo m'malo mwa miyala ya kwale kampani inkagwiritsa ntchito kilinka. Kilinka ndi zotsalira za malasha akapsa m'ng'anjo za ku fakitale ya magetsi: timiyala totuwa, topepuka, todzaza tizibowo ngati chulu ukachiswa ndi khasu. Denga la kilinka silinkalemera, choncho makoma sankafuna kuchindikala. Malole ankaitsitsa mulu waukulu pafupi ndi makina osakanizira.

Tsiku loyamba kapitawo anayang'ana kuonda kwanga, nati, "Uyu sangakankhe wilibala. Apite kwa madala."

Madala amenewo anali a Zuze, nkhalamba ya ku Mutarara imene inathawa chibalo cha Apwitikizi kalekale. Zala zawo zinali zong'alukang'aluka ndi simenti. Atamva kuti mayi anga anali a ku Makhanga, anasiya Chilapalapa, chiyankhulo cha pantchito, n'kuyamba kundiyankhula Chisena.

"Shamwali, kwanu unkathirira chiyani?"

"Mpiru, kudimba."

"Kuno uzithirira ichi." Anandipatsa paipi n'kuloza mulu wa kilinka.

Ndinayesa akundinyoza, ndipo ndinawauza kuti sindinawoloke Zambezi kudzathirira phulusa. Iwo anatola kilinka youma yodzaza dzanja, naiponya m'ndowa ya madzi, n'kundigwira khosi kuti ndiwerame. Munkamveka kulira, tsiii, timathovu tikukwera.

"Ukumva? Ili ndi ludzu. Ukaiponya m'makina ili chonchi, madzi amene tayezera simenti iwamwa yokha. Simenti itsala ndi chiyani?"

Zina zonse ndinaziona ndi maso m'miyezi yotsatira, ndipo ndizifotokoza bwino chifukwa ndi zimene anthu a kuno akuzitcha misala. Kilinka youma ikalowa m'makina, konkire imatuluka yooneka bwino, koma imauma idakali m'wilibala. Okankha akaona kuti yalimba amathiramo madzi mongoganizira. Ina imakhala phala, ina imakhala zibuma, ndipo ikauma mkati mumatsala tinjira. Mozungulira kamwala kalikonse simenti imakhala yofumbutuka, poti madzi ake analandidwa isanagwire. Mvula ikabwera imatsata tinjira timeneto mpaka kutulukira kunsi. Koma kilinka imene yamwa kale silanda kanthu. Ndiponso, pamwamba pa denga pakayamba kuuma ndi dzuwa, iyo imabweza madzi aja pang'onopang'ono kuchokera mkati, simenti n'kumapitiriza kulimba masiku ambiri. Konkire yotere ukaiswa, supeza mpata pakati pa mwala ndi simenti.

Kuthirira kwake sikunali kongopopera. Mulu tinkauthirira tsiku lonse, tikuutembenuza ndi mafosholo kuti madzi afike pansi. M'mawa wa tsiku losakaniza tinkatseka paipi n'kuumwaza kuti ukhe, chifukwa kilinka yodontha madzi nayonso imaononga: imasukulutsa simenti, konkire n'kukhala yofooka. A Zuze anali ndi mayeso awiri. Ankaswa kamwala ndi nyundo, ndipo mkati munkayenera kuda mpaka pakati, osatsala kadontho kotuwa. Kenako ankafumbata ina m'dzanja n'kutambasula. Chikhatho chikanyezimira, ankati tidikire. Chikangozizira osanyowa, ankakuwa kwa wa makina kuti ayatse.

Tsiku lina kunabwera injiniya, mzungu wachinyamata wokonda kuphunzitsa. Anaumbitsa miphika iwiri ya konkire m'zikombole, wina wa kilinka youma, wina wa yonyika. Patapita milungu anaidzaza madzi, natiitana tonse. Pofika masana mphika woyamba unali ukuchita thukuta mbali zonse, pansi pake panyowa. Wachiwiri unali gwa. Injiniyayo anayankhula nthawi yaitali, ndipo mwa zimene ndinagwira munali lamulo lakuti madzi amene munthu sangamwe asapatsidwe simenti. A Zuze anandinong'oneza, "Mzungu akufuna miphika iwiri kuti adziwe zimene khutu likudziwa kale."

Lamlungu pakomboni ndinkalembera anzanga makalata, poti ndinafika Sitandade 3 kusukulu ya mishoni. Ndinkawerenganso mayankho, ndipo ndinkadziwa mkazi wa yani wadwala, wa yani wakwatiwa ndi wina. Zimenezo sindinaziulule nthawi imeneyo ndipo sindiziulula lero. Mwana wanga woyamba ndinamudziwira m'kalata. Akazi anga anaika kadzanja kake papepala, mphunzitsi wa kuno n'kuzunguliza pensulo. A Zuze anayang'ana kwa nthawi, nati, "Zala zazitali. Adzakhala wakuba kapena telala." Kunyumba ndinkatumiza zimene ndinkatha kudzera ku positi, ndipo chaka china ndinatumiza makina osokera pa sitima. Chimene tinkachisowa kwambiri chinali nsomba. Munthu wina atabwera kuchokera ku Chiromo ndi mlamba wouma umodzi, tinaugawana chipinda chonse. A Zuze anatenga mutu, koma sanaudye. Anausunga m'chitini, akumatsegula kuti anunkhize tikaweruka.

Tsono panabwera sabata imene pampu ya madzi inafa. Foromani, mzungu wa ndevu zofiira, ankafuna madenga a mzere wonse athe Loweruka. Ine masiku awiri a sabata imeneyo ananditumiza kusiteshoni kukatsitsa simenti, ndipo kalaliki analemba choncho pa tikiti yanga ya ntchito. Zimene zinachitika pamulu ndinazimva kwa okankha mawilibala. Madzi osakanizira anabwera pa lole, koma othirira panalibe. Foromani anauza kapitawo kuti ayatse makina. A Zuze anaima kutsogolo kwa mulu.

"Nkhabe," anakana m'Chisena. "Iyi sinamwe."

"Madala, injiniya ndiwe tsopano?" anatero kapitawo. Anawakankhira pambali, ntchito n'kupitirira.

Mvula yoyamba itagwa, mzere wonse unadontha. Mabanja amene analowamo anatchera mabeseni ndi mapoto, ndipo eni nyumbazo anakana kuzilandira. Tinaitanidwa kuofesi, a Zuze ndi ine. Kapitawo ananena osaphethira kuti analamula mulu uthiriridwe pampu isanafe, koma ife awiri tinachita ulesi. Foromani, amene anapereka lamulo ndi pakamwa pake, ankayang'ana pawindo. Kalaliki anabweretsa matikiti. Yanga inati kusiteshoni. Ya a Zuze inati pamulu. Ndinanena kuti ndikufuna kuwachitira umboni.

"Unalipo?" anafunsa foromani.

"Ayi, bwana, koma ndinamva."

"Tuluka."

Munthu wa kunja akachotsedwa ntchito, chitupa chake chinkafa. A Zuze anatuluka pageti masana dzuwa lili pamutu, bulangete paphewa, chitini m'manja. Ndinawaperekeza mpaka pamsewu. Anandithokoza m'Chisena, nati, "Takhuta, shamwali. Bwerera, angakudule tsiku." Kumene anakathera sindikudziwa. Ndinalemba makalata awiri ku Mutarara, ndipo onse anabwerera osatsegula. Ndili nawo.

Munthu amene anadziwa ntchito kuposa tonse anachotsedwa chifukwa mawu ake anali a pakamwa. Ine amene ndinali ndisanadziwe kanthu ndinapulumuka chifukwa cha kapepala kochepa ngati chikhatho. Nditalandira malipiro otsatira ndinagula kabuku, pensulo ndi mapepala a kaboni. Mulu anandipatsa ine, ndipo kuyambira pamenepo ndinkalemba ola limene ndatsegula paipi, ola limene ndatseka, ndi zimene nyundo yaonetsa. Wina akati tisakanize isanamwe, ndinkatulutsa kabuku n'kumupempha asayine. Palibe anasayinapo. Ankatukwana, ankanditcha loya wa phulusa, koma ankadikira. Zaka zonse zimene ndinagwira mulu umenewo palibe denga linadontha. Pochoka anandipatsa kalata ya umboni ya Chingerezi. Inangoti ndinali lebala wa khalidwe labwino. Za mulu palibe ngakhale liwu limodzi.

Pakati ponsepo ndinabwera kumudzi kawiri kokha. Kubwerera kwenikweni kunali nkhondo ya kumeneko itatha, pa basi yodzera ku Tete. Ndinapeza nzimbe za esiteti pamene tinkasaka mbewa. Mayi anali atamwalira, ndipo maliro awo ndinangowamva m'kalata. Mwana wa zala zazitali uja anali pabanja pake, akusokera anthu pa makina aja, ndipo anandigwadira patali ngati mlendo. Akazi anga anali atazolowera kugamula zinthu okha. Ankandifunsa maganizo mwaulemu atachita kale. Mng'ono wanga Lenadi, amene ndinamusiya akuweta mbuzi, anali kapitawo wa odula nzimbe, wa njinga, wotchi ndi ng'ombe zapangolo, komanso wapampando wa komiti ya sukulu.

Sukulu yathu ili ndi mjigo pafupi, koma madzi ake ndi amchere, monga mijigo yambiri kuno. Sopo sachita thovu, nyemba sizipsa, ana akamwa amatsegula m'mimba. Sukulu itafoleredwa ndi malata, panabwera ganizo lomanga thanki yolandira madzi a mvula. Simenti ndi waya zinalonjezedwa ndi boma, ntchito ikhale yathu. Vuto linali miyala. Kuchigwa kuno ukhoza kulima moyo wonse osagunda mwala, ndipo ya kumapiri inkafuna lole. Koma pamene tinaotchera njerwa za sukulu panali mulu wa zoswekasweka. Ndinauza komiti kuti njerwa yootcha bwino ikaphwanyidwa ndi mbale wake wa kilinka, ikhoza kugwira ntchito, bola inyikidwe kaye.

"Inyikidwe m'chiyani, achimwene?" anafunsa Lenadi.

"M'madzi. Masiku awiri."

"Mwezi wa Okutobala uno? Akazi athu asenze madzi oti njerwa zimwe, ana ali ndi ludzu?"

Anthu anaseka. Ine ndinapempha kapu ya madzi, ndinalemba mzere ndi makala pamene madzi analekeza, n'kuponyamo zidutswa za njerwa. Ndinawauza amvetsere. Zitasiya kulira ndinazivuula, ndipo onse anaona kuti madzi atsika pansi pa mzere. Ndinati, "Amenewa ndi madzi a simenti yanu. Mukufuna thanki kapena sefa?" Anavomera, koma monyinyirika.

Mwana aliyense wa sukulu anaphwanya njerwa zake, amuna anakumba maziko. Amayi ankatsogoleredwa ndi alamu anga a Malita, akazi a Lenadi, munthu wosachedwa kuyankha. Masiku onyika atakwana, ine ndinayenera kupita ku Boma ndi ngolo kukatenga simenti ndi waya, poti ankafuna munthu wodziwa kuwerenga zimene akusayinira. Ulendo ndi kudikira pamzere zinandidyera masiku awiri. Ndisananyamuke ndinalemba malangizo papepala, kaboni pansi, ndipo ndinawerengera a Malita pamaso pa amayi onse. Lapamwamba ndinawasiyira, lapansi ndinaika m'bokosi.

Nditabwera ndinapeza mulu wakuda bii, wofundikidwa ndi udzu monga ndinanenera. Ndinaswa chidutswa ndi nyundo: chakuda mpaka pakati. Ndinafumbata: chikhatho chinangozizira. Ndinayamikira amayi. Madzi osakanizira simenti ndinaonetsetsa ndekha kuti achokera ku Shire, m'madilamu, ndipo agona kuti matope atsike. Thanki tinaimanga, tinaifunditsa masaka onyowa sabata ziwiri. Mvula itabwera inadzaza, ndipo khoma lake linali louma kunja ngati la nyumba. Zaka zitatu ana anamwa madzi abwino mpaka mwezi wa Ogasiti. Pa zaka zitatu zimenezo palibe anabwera kunyumba kwanga kudzanena kuti mtchona anachita bwino.

Chaka chachinayi pakhoma panatuluka zoyera ngati ufa. Kenako mizere yofiira ya dzimbiri, yotsata waya wa mkati. Konkire inayamba kutupa n'kumagwa zibanthu, waya akuonekera atadyeka. Mvula yotsatira thanki inadzaza, koma sabata isanathe inali itatha, pansi pozungulira pali matope. Pamenepo anthu anakumbukira dzina langa. Pamsika, kutchalitchi, ngakhale pamaliro, nkhani inali imodzi: njerwa zinalowa ndi madzi m'mimba, ndiye zaolera mkati. Ndinkayankha kuti konkire si chinangwa, siola ndi madzi, koma chifukwa chenicheni sindinkachidziwa. Ndinawerenga timabuku tanga tonse ta ku Halale osapezamo denga limene linachita chonchi.

Simenti yachiwiri itafika, komiti inaitanitsa msonkhano Loweruka m'mawa. Lachisanu lake ndinapita kukayang'ananso thanki yakufayo. Ndinapeza mbuzi zisanu zitaima ndi miyendo iwiri, zikunyambita khoma. Ndinazithamangitsa, zinabweranso. Mbuzi sinyambita simenti. Ndinagamula chibanthu ndi nyundo, ndinasankha kachidutswa ka njerwa ka pakati penipeni pa khoma, n'kukaika pa lilime. Kanali kamchere ngati nsomba youma.

Ndinapita kunyumba, ndinatsitsa bokosi, ndinapeza pepala la kaboni lija. Pa mzere wa kusakaniza ndinalemba kuti madzi achokere ku Shire ndipo agone m'madilamu. Pa mzere wa kunyika ndinangolemba kuti njerwa zithiridwe madzi m'mawa, masana ndi madzulo, masiku awiri. Za kumene madziwo achokere panalibe. Ku Halale madzi ankatuluka m'paipi imodzi, othirira ndi osakanizira omwewo, ndipo m'zaka zonsezo sindinafunikepo kuganiza kuti kamwala kamene kamabweza madzi kadzabwezanso chilichonse chimene chinali m'madziwo. Njerwa zathu zinachita ntchito yake bwinobwino. Zinamwa, zinasunga, n'kumapereka mcherewo kwa waya pang'onopang'ono.

Ndinakhala pakhonde ndi pepalalo nthawi yaitali. Lapamwamba ndinkadziwa kuti kulibe, poti a Malita anandiuza kale kuti anakulungira usipa. Ndikanatha kubweza la kaboni lija m'bokosi, n'kukanena pamsonkhano kuti amayi anatunga pamjigo mosandiuza, ndipo zikanakhala zoona. Palibe akanandifunsa zimene ndinalemba. Ndinalipinda n'kuliika m'thumba la jekete.

Msonkhano unachitikira m'kalasi, akuluakulu titapanikizana pa timabenchi ta ana. Lenadi anayamba ndi kunena kuti simenti sibwera katatu, ndipo ulendo uno tisayese zachilendo.

"Achimwene timawalemekeza," anatero, "koma apume. Njerwa zilowe monga zilili."

Ndinaimirira n'kupempha kufunsa funso limodzi.

"Alamu, madzi amene munanyikira njerwa zija munatunga kuti?"

"Pamjigo," anayankha a Malita, osazengereza.

"Onse?"

"Onse. Nanga tikanatunga kuti? Madzi aja sitimwa, sitiphikira, sitichapira. Tinati lero apeza ntchito."

Ndinatulutsa chibanthu cha thanki m'thumba, ndinachiphwanya patebulo la aphunzitsi, n'kupempha aliyense alawe. Chinayenda benchi ndi benchi. Ena analavula pawindo. Ndinafotokoza kuti mchere umadya waya, waya akachita dzimbiri amatupa, akatupa amang'amba konkire kuchokera mkati.

Lenadi anatembenukira kwa akazi ake. "Ndiye kuti ndinu amayi munationongera."

"Dikira," ndinatero. Ndinatulutsa pepala n'kuwerenga lonse, mzere ndi mzere, osadumpha. Nditafika pa kunyika ndinawerenga kawiri.

"Basi?" anafunsa Lenadi. "Simunalembe za ku Shire?"

"Pamenepo sindinalembe."

"Inu, achimwene? Amene mumasunga ndi lisiti ya machesi yomwe?"

"Ine ndemwe. Ndipo nditabwera ndinaswa, ndinafumbata, koma sindinalawe. Amayi anachita zimene ndinawawerengera."

Anthu anayamba kung'ung'udza, ena kuseka. Ndinadikira, kenako ndinati cholakwa changa ndachionetsa ndi dzanja langa, choncho andimverenso pa chinacho. Thanki inasunga madzi zaka zitatu chifukwa njerwa zinamwa. Zikalowa zouma, sidzadikira zaka zitatu, idzadontha mvula yoyamba, ndipo ana adzabwerera kumjigo.

Lenadi anapukusa mutu. "Kunyika ndi madzi a ku Shire? Mukudziwa ndowa zingati zimenezo?"

A Malita anaimirira, akumanga chitenje.

"Sakudziwa. Alamu, chibwerereni kuno munayamba mwapitako kumtsinje ndi ndowa?"

"Ayi."

"Inu bambo a kwathu, nanga inu?"

Lenadi anayang'ana wotchi yake.

"Ndi ola lathunthu kupita kokha, pobwera ndi katundu pamutu mchenga ukuotcha mapazi. Mukanalemba zonyika ndi madzi a ku Shire tsiku lija, alamu, tikanakuuzani pomwepo kuti sizitheka ndi mitu yathu, tikanapeza njira. Koma inu munawerenga ngati kalata ya kuofesi, n'kukwera ngolo. Zoti njerwa zimamwa tinaziona m'kapu, sitikutsutsa. Pensulo muli nayo?"

Ndinali nayo, ndi kaboni yemwe.

"Khalani pansi mulembe. Njerwa zinyikidwe ndi madzi a ku Shire. Mwalemba? Madziwo abwere pa ngolo ya apampando, m'madilamu."

"Ng'ombe zanga zili ndi ntchito," anatero Lenadi.

"Zaipeza ina. Lembani, alamu. Otunga ndi okweza madilamu akhale amuna. Amayi tithirira ndi kutembenuza pompano. Dilamu iliyonse ikafika, alamu alawe pamaso pa anthu isanatsitsidwe."

Ndinalemba. Anandiuza ndiwerenge mokweza, ndipo ndinawerenga. Anati ndaiwala kuti amuna anyamuke kusanatenthe, ng'ombe zingakomoke. Ndinawonjezera. Lenadi anasayina pansi akudandaula za matayala a ngolo yake, a Malita anadinda chala, ndipo anatenga mapepala onse awiri, lapamwamba ndi la kaboni. Ndinawakumbutsa kuti lapansi limakhala langa.

"Mudzalipeza thanki ikatha," anatero.

Amene sanalipo akufalitsa kuti ndinavomera zonse ndipo ndinalira. Sindinalire, ndipo sindinavomere zonse. Ndinavomera kuti sindinatchule mtsinje, sindinalawe, ndipo sindinafunse anthu osenza madzi. Kunyika njerwa sikunali kulakwa, ndipo amene akuti ndi misala abwere ndi kapu kunyumba kwanga.

Ngolo yayenda maulendo asanu ndi limodzi kuyambira Lolemba. Ine ndimapita nayo, chifukwa sindikhulupirira kuti amuna ena sangakhotere pamjigo. Mchengawo umaotchadi, ngakhale m'nsapato. Dzulo mulu unasiya kulira, ndipo lero m'mawa tinaumwaza kuti ukhe. Ndinaswa chidutswa, ndinafumbata, kenako ndinatafuna. Lenadi anali ataima pambali ndi chikwapu cha ng'ombe, malaya atanyowa ndi thukuta.

"Zakoma, achimwene?"

"Zilibe kukoma kulikonse."

"Ndiye tiyambe?"

Ndinayang'ana a Malita. Anatola chidutswa chawo kumbali ina ya mulu, analawa, analavula, n'kuuza amuna kuti atsegule matumba a simenti.